Lachisanu Limene Ndinakweza Ana Minibasi

Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Ndiyambe ndi zimenezi chifukwa anthu akamva kuti ndinalemba nkhani imodzi kwa zaka zinayi osalumphitsa sabata, amayesa ndine mphunzitsi kapena kalaliki wa ku ofesi. Ayi ndithu. Ndimapala matabwa pa Boma la Mzimba, kuseri kwa msika, ndipo nkhaniyo ndinkailemba pafoni ndi chala chimodzi, chomwechi cha chikhadabo chakuda chimene hamala amachikonda. Mwa owerenga onse amene anandidzudzulapo m'zaka zimenezo, amene sachoka m'mutu mwanga ndi mayi wina wogulitsa tomato pa Jenda. Mayiyu anali pafupi kusiyana ndi ana ake awiri, ndipo chifukwa cha zolemba zanga anakhulupirira kuti ine ndikudziwa njira yoti asasiyane nawo.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ndili mnyamata kudzacheka matabwa ku nkhalango ya paini ya ku Viphya. Mitengo itayamba kuchepa, anzanga ambiri anamanga katundu n'kubwerera kwawo, koma ine ndinangotsikira pa Boma n'kukhoma shedi yanga. Chitumbuka ndimamva bwinobwino. Ndikati ndichiyankhule, ngakhale amayi ogulitsa makala amagwa ndi phwete, motero ndinasankha kukalamba ndi Chichewa changa.

Nkhaniyo inayamba mwachibwana. Amene tinagwirako ntchito kumacheka tinali ndi gulu lathu la pafoni, lomauzana za maliro ndi za kumene kwapezeka ganyu. Lachisanu lina magetsi anathima, makina opalira anangoti zii, ndipo posowa chochita ndinalemba kankhani ka mayi wina wosoka zovala, telala, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kutchona, kumusiya pamudzi pa apongozi ndi ana atatu. Magetsi atayaka ndinakasiya pakati n'kubwerera ku matabwa. Poweruka ndinapeza mafunso ali mbwee: ndiye zinatha bwanji? Ine ndinkadziwa kuti zinatha bwanji? Lachisanu lotsatira ndinawonjezera pang'ono, linalo ndinawonjezeranso. Anthu anayamba kutumizira abale awo, mpaka tinatsegula gulu lakelake la nkhaniyo. Munalowa anthu oti sindinawaonepo ndi maso, a ku Manyamula, a ku Jenda, ena a ku Joni komweko.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu akawerenga nkhani yako kwa miyezi ingapo amasanduka mwini wake, iwe wolemba n'kukhala waganyu. Mpaka lero zimenezi zimandichititsa chidwi. Apongozi a telala ndinawalemba ngati munthu wouma mtima. Azimayi achikulire a pagulupo anakwiya, akuti si apongozi onse amene ali choncho, ndasowa ulemu. Ndinawafewetsa pang'onopang'ono. Sipanathe mwezi, ena anayamba kufunsa kuti kodi agogo aja ndawachita chiyani, akudwala? Telala anali ndi mlamu wake chidakwa. Mkulu wina wa mpingo anandilembera uthenga wautali ngati ulaliki, kudandaula kuti gawo lililonse likununkha kachasu. Ndinamvera, chidakwacho ndinachitembenuza mtima, chinalowa kwaya. M'mawa mwake anyamata a kabaza anandiimitsa pa siteji.

"Bwana, munthu mmodzi yekha amene amatiseketsa, inu mwamupereka ku kwaya?"

Patatha masabata atatu ndinamubwezera ku botolo lake. Mkulu wa mpingo uja sanandikalipire. Anangolemba kuti, "Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu sangalimbe," ngati akunena za mnansi wake.

Mayankhidwe anga ankasintha ndi zaka. Chaka choyamba ndinkapsa mtima, ndinkayankha aliyense ngati ndili pa bwalo la milandu, guluu n'kumauma pa thabwa ine ndikukangana ndi munthu wa ku Joni. Kenako ndinapeza kachenjerero kena: wina akandinyoza kwambiri, mawu ake omwewo ndinkawaika m'kamwa mwa munthu wopusa wa m'nkhanimo. Ambiri sankazindikira, ena ankaseka nawo. Pambuyo pake ndinaphunzira njira ya kasitomala. Kasitomala akati mpando ukugwedera, sumuuza mbiri ya mtengo wake, umangoutembenuza n'kudulako mwendo wautaliwo. Ndiye wina akaona cholakwa, ndinkangolemba mawu awiri, "Dikirani muone," ngati ndinachita dala, kenako ndinkakhala sabata yonse ndikusaka pobisa cholakwacho. Mawu awiri amenewa anandipulumutsa kambirimbiri.

M'chaka chachinayi anthu anatopa ndi kuzunzika kwa telala. Mwamuna sankatumiza kanthu, foni sankayankha, ndipo kunamveka kuti wakwatira komweko. Sabata iliyonse pempho linali limodzi: muchotseni pamudzipo, mwana wa eni wavutika mokwanira. Lachisanu lina la mu Novembala ndinamuchotsadi. Anadzuka m'mawa, anamanga makina ake osokera m'chitenje, anasambitsa ana ake atatu, anawaveka za ku tchalitchi, onse anakakwera minibasi kupita kwa makolo ake. Apongozi anangoima pakhomo, manja ali m'chiuno, kuwayang'ana akuzimiririka. Nditatumiza gawolo ndinadzigulira botolo la zoziziritsa kukhosi. Ndinkati lero ndiye andinyamula.

Foni inayamba kunjenjemera ndisanamalize botololo.

"Ana wakwera nawowo ndi a ndani?"

"Bwana, apa ndiye mwatinamiza chomene."

"Ng'ombe zinapita kale. Ana ndi a kuchimuna, mbwenu, nkhani yatha."

"Agogowo anaima pakhomo n'kumangoyang'ana? Mudzi wonse unali kumaliro?"

Poyamba sindinamvetse chimene akukwiyira. Kwathu, mbali yathu ya ku Ntcheu, ana ndi a kwa mayi. Ukwati ukatha, mwamuna ndi amene amachoka. Bambo anga enieni anachoka ndi bulangeti, khasu ndi wailesi, ife tinatsala ndi amayi, wotilamula anali malume. Ngakhale mkazi atengedwe chitengwa kukakhala kwa mwamuna, zinthu zikavuta amabwerera ndi ana ake, palibe amene amamuima kutsogolo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti dziko lonse limayenda choncho. Chinandipusitsa kwambiri ndi Ungoni. Ndinkati ine Mngoni, akunonso Angoni, ndiye ndifunsenso chiyani? Ndinali nditakhala kuno zaka zoposa makumi awiri. Ndinakhomera anthu mabedi a ukwati, ndinadya nyama pa malowolo a ana a anzanga, ng'ombe zikuperekedwa ine ndikuombera m'manja. Koma mumtima ndinkaziona ngati zikomo wamkulu wopita kwa makolo a mkazi, basi. Sindinafunsepo munthu kuti ng'ombezo zimanena chiyani za ana.

Ukalamba sunandichotsere makani. Ndinalemba pagulupo kuti nkhaniyi ndi yopeka, ndipo wopeka amapeka zimene akufuna. Munthu wina wa ku Joni anandiyankha mofatsa: "Yopeka inde, koma mwaipekera kwathu." Loweruka ndinadzuka ndi nzeru ina. Ndinali nditamva pagulupo kuti ngati malowolo sanathe, ana akhoza kupita kuchikazi. Ndinati eya, pobisalira ndi pamenepa. Ndinalemba kuti dikirani muone, kodi mukudziwa ngati ng'ombe zinaperekedwa zonse? Sipanathe ola, mayi wina ananditumizira chithunzi cha gawo limene ndinalemba chaka choyamba. Munali ng'ombe zikulowa m'khola la bambo a telala, zonse zokwanira, akuluakulu akugwirana chanza kuti palibe chotsala. Ndinaikamonso ina ya nyanga yothyoka, pofuna kukometsa. Ine ndinali nditaiwaliratu. Iwo ankakumbukira ndi nyanga yomwe.

Apa makani anatha, chinatsala ndi chidwi. Lolemba kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Manyamula kudzatenga chitseko chimene anandiuza kuti ndimukhomere. Tikuchimangirira pa njinga yake ndinati ndifunse.

"Adada, kodi kuno mkazi akachoka pa ukwati, ana amatani?"

Anasiya chingwe n'kundiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndinu munakweza ana minibasi? Mpongozi wanga anatiwerengera. Tinaseka chomene."

Atatha kuseka anandifotokozera bwinobwino. Woyamwa amapita ndi mayi ake, koma akasiya bere n'kukhwima miyendo amakamutenga. Enawo satuluka pamudzi.

"Nanga mayiyo akakana?" ndinafunsa.

"Akane kwa ndani? Bambo ake omubala ndi amene angayambe kumuuza kuti bweza ana a eni ake. Si ndiwo analandira ng'ombe?"

"Ndiye kuti anawo mumachita kugula?"

Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Nkhope ya bamboyo inasintha, koma sanakweze mawu. "Yayi. Kwanu malume akamalamula ana a mlongo wake, anawagula? Ng'ombe zimanena kumene mwana adzalime akakula, ndi kumene adzagone akamwalira. Palibe amene angadzamuuze kuti pita kwanu." Kenako naye anafuna kudziwa za ife. Anafunsa kuti kodi n'zoona kuti kwanu mwamuna amasiya ana ake obereka yekha n'kumapita? Ndinamuuza za bambo anga ndi bulangeti lawo. Anapukusa mutu nthawi yaitali, akuti zachisoni chomene. Tinasiyana aliyense akumvera chisoni mtundu wa mnzake, iye n'kumakankha njinga yake chitseko chili pakaliyala.

Lachiwiri m'mawa ndinali ndikupala thabwa la tebulo pamene ndinamva odi. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wochepa thupi, atavala juzi ngakhale kunali kotentha, m'manja muli jumbo ya tomato.

"Monire adada. Ndinu mumalemba za telala?"

Ndinati wabweranso wina, uyu wachita kundilondola pamaso. Ndinayamba kupepesa asananene kanthu, kuti ndamva, ndikonza, asavutike.

"Yayi, sindinabwere kudzakukalipirani," anatero. Anaika jumbo ija pa benchi langa, akuti ndi yanga. Ndinamupatsa mpando wa kasitomala wina umene unali usanapakidwe vanishi, anakhala chakumapeto kwake.

Anandiuza kuti amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu pa Jenda. Foni yake ndi ya mabatani, koma mnzake woyandikana naye benchi ali ndi yaikulu, ndipo Lachisanu lililonse masana amawerengera azimayi onse mokweza, kumaima kaye basi ikafika. Nkhani ya telala anali ataitsatira kuyambira chaka chachiwiri. Kwa apongozi ake anatsanzika kuti akubwera ku chipatala cha pa Boma, koma sankadwala. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Tsopano watumiza mawu kuti pa Khirisimasi akubwera ndi mkazi wina, ndipo sakufuna kudzamupeza pamudzipo. Akuluakulu a mbali zonse anakhalapo kale pansi, nkhani inatha. Iye azipita kwawo. Mtsikana wa sitandade sikisi ndi mnyamata wa sitandade filii atsala.

Zonsezi anazinena mosalira, ngati akufotokoza za munthu wina. Kenako anasendeza mpando pafupi n'kutsitsa mawu.

"Ndapota adada, mundiuze. Telala uja anachita bwanji? Pali kalata imene anakatenga ku ofesi? Kapena pali mawu amene anawauza apongozi ake? Chifukwa apongoziwo sanamuletse, anangoima pakhomo. Anzanga onse pamsika akuti mwanama. Ine ndinawauza kuti yayi, munthu wa pa Boma amadziwa malamulo atsopano, sangalembe chinthu chopanda njira yake."

Anthu mazana anali atanditcha wabodza kwa masiku anayi, ndipo sizinandipweteke ngati mmene anandipwetekera munthu mmodzi ameneyu pondikhulupirira. Ndiulule kuti mawu anga awiri aja anafika pamilomo. Zikanakhala zosavuta kunena kuti dikirani muone, iye n'kukwera minibasi yake ali ndi chiyembekezo cha sabata ina imodzi. Ndinayang'ana tomato uja. Anali wosankhidwa bwino, wopanda ndi banga lomwe.

"Amama, palibe kalata," ndinatero. "Palibe njira imene ndikuidziwa. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumene ana amatsata mayi. Ndinalemba za kwathu ndikuyesa ndi za kuno. Unali umbuli wanga basi."

Anayang'ana pansi, n'kumasonkhanitsa utuchi ndi chala cha kuphazi mpaka unapanga kamulu. Manyazi anandigwira moti ndinayamba kuyankhula zambirimbiri. Ndinati komatu kuli khoti, ndimamva kuti masiku ano amayang'ana ubwino wa mwana, osati ng'ombe. Ndinati ndikhoza kumuperekeza ku maofesi oona za mabanja, si patali, tikhoza kuyenda wapansi.

"Ndinafunsako kale," anatero. "Akuti khoti likhoza kundipatsa. Ndiye ndipite nawo kuti? Munda wa adada anagawana alongo anga, ndi wa ana awo. Mnyamata wanga adzalima pati? Adzamutcha mlendo mpaka imvi. Akadzabwerera kwa abambo ake adzamuuza kuti si unapita ndi amako. Ng'ombe zanga anakwatirira mlongo wanga wamkulu, palibe yobweza. Ine ndimayesa mwina pali njira ina imene inu mukuidziwa, yoti ana ndikhale nawo koma kwawo kukhale kwawobe."

Ndinati sindikuidziwa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekezera kale.

Pofuna kuti ndimupatseko kanthu, ndinamuuza kuti nkhaniyo ndi yanga, ndikhoza kuisiya mmene ilili. Ana a telala akhale kwa mayi awo mpaka kalekale, owerenga akwiye akatopa asiya. Anaseka pang'ono, kuseka kwake koyamba.

"Yayi adada, anzanga akunena zoona. Abwezeni. Mukapanda kuwabweza tisiya kumvera." Anaimirira n'kukonza chitenje, kenako anakhalanso. "Koma chimodzi ndapota. Akamawabweza, telalayo awauze kanthu anawo. Inu mawu mumawadziwa. Ine ndikati ndiyambe, mutu umangoti zii. Mulembe zimene mayi amanena, ndikamvere Lachisanu, mwina nditolapo."

Ndinavomera msangamsanga, mokondwa kuti wandipempha chinthu chimene ndingathe. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji ya minibasi za ku Jenda. Ali pawindo anati yewo, ine n'kubwerera ku thabwa langa.

Gawo limenelo linandidya masiku atatu. Tebulo la eni ake linachedwa, ndinanama kuti guluu wasowa m'mashopu. Chiyambi chake sichinavute. Amuna awiri a kuchimuna anafika kwa makolo a telala, analandiridwa mwaulemu, anapatsidwa mipando ndi madzi, ndipo amene anauza telala kuti amange zovala za ana anali bambo ake omubala, monga anandiuzira mkulu wa ku Manyamula uja. Povuta panali pa mawu. Ndinkalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Ndinadzifunsa kuti mayi amayamba ndi wamkulu kapena wamng'ono? Amagwada kapena amaima? Amawauza zoona, kapena amawanamiza kuti abwera mawa? Ndinafunsa mkazi wanga, iye anati funso lotero asandiyankhe, limaitana tsoka. Ndinatsala ndekha ndi chala changa.

Pomaliza telala anayankhula bwino kwambiri. Anagwada pa fumbi la pa siteji, anawagwira manja onse atatu, anawauza kuti sanawataye, kuti mwazi wake uli mwa iwo kulikonse kumene angapite. Wamkulu anamuuza kuti akhale mayi wa anzake, asamalire pamaso pawo. Wapakati anamuuza kuti alimbikire sukulu kuti adzathe kukwera basi yekha kudzamuona. Wamng'ono anamuuza kuti akamva makina osokera kulikonse, adziwe kuti amayi ake akumukumbukira. Anatchula Mulungu, anawadalitsa mmodzimmodzi. Mawuwo anadzaza foni kasanu ukamatsitsa ndi chala. Powerenga komaliza ine mwini misozi inalengeza.

Lachisanu limenelo gulu linasefukira. Tizithunzi ta nkhope zolira tinali ngundangunda. Munthu wa ku Joni uja analemba kuti tsopano ndiye mwalemba za kwathu. Mayi wa chithunzi cha ng'ombe anati wandikhululukira. Mkulu wa mpingo anapempha chilolezo choti akawerenge mawu a telala ku msonkhano wa amayi. Anyamata a kabaza ananditengera ulele mpaka kunyumba. Sindibisa, ndinanyada. Ndinkayenda pa Boma ngati ndavala suti. Ndinkati ndakonza cholakwa, ndasangalatsa owerenga, ndiponso ndathandiza munthu, zonse ndi gawo limodzi. Za ku Jenda sindinamve kalikonse, ndipo ndinaganiza kuti kukhala chete kumeneko ndiko kukhutira.

Panapita sabata ndi masiku angapo. Tinali titalowa mu Disembala, mvula itayamba, sukulu zisanatsekere. Lachitatu lina m'mawa ndikukhoma mafelemu a mawindo, foni inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera pa nambala yachilendo. Ndinazimitsa makina n'kuika foni kukhutu. Kumbuyo kunkamveka oitanira minibasi ndi azimayi otsatsa malonda.

"Adada, ndine wa tomato uja, ndabwereka foni ya mnzanga. Nkhani tinamva. Munalemba bwino chomene, tonse tinalira, wina mpaka basi inamudutsa osagulitsa. Ndinamuuza mnzangayu andiwerengere katatu kuti ndisunge pamtima. Koma adada, pamenepaja munalakwitsanso. Munthu sanganene zonsezo, yayi. Lero m'mawa ndinayesa, pakamwa panakana. Wamkulu ndangomuuza kuti nyemba ndaviika, akaweruka aziike pamoto. Wamng'ono ndamukonzera kolala ya yunifolomu, inapindika. Mbwenu apita kusukulu, ine ndatenga chikwama. Mukadzalembanso zotere, mudzalembe choncho. Yewo, basi yafika."

Ndinaimba nambalayo nthawi yomweyo. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kunena, mwina kupepesa, mwina kufunsa ngati pali chimene ndingachite. Anayankha mnzake uja, mwini foni.

"Wakwera kale, adada. Yanyamuka."

"Nanga anawo akudziwa?"

"Adziwa akaweruka."

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana nthawi. Inali itangodutsa kumene teni koloko, ana anali adakali m'kalasi.